Kukutentha, mukutentha, pakutentha

Pa msonkhano wina umene unachitikira pa Nchalo chilimwe chathachi, mnyamata wophunzira bwino anaimirira pamaso pa madalaivala a minibasi, akabaza a njinga zamoto ndi eni malole angapo, n'kuwerenga zimene zinali papepala lake: "Kutentha kwambiri kumakhudza kagwiritsidwe ntchito kabwino ka kaboni m'gawo la zamtengatenga." Anthu anaomba m'manja, mwina poti zoziziritsa kukhosi zinali zitafika kale. Dalaivala wachikulire amene ndinakhala naye benchi limodzi anandigunda ndi chigongono.

"Aphunzitsi, akuti chiyani mwanayu?"

Ndinati akunena za kutentha.

"Kutentha kwa chiyani? Kwa dzuwa, kwa injini, kapena kwa mabuleki?"

Ndinasowa choyankha, chifukwa chiganizocho sichinanene. Kalembedwe kake kanalibe cholakwa, ndipo mawu onse, kupatula kaboni, anali athu. Chingerezi chinali m'kapangidwe ka chiganizocho. Munthu wodziwa zinenero ziwirizi atha kubwezera liwu lililonse kumene linachokera osasuntha ngakhale limodzi, pamene wodziwa Chichewa chokha, kapena Chimang'anja ndi Chisena monga ambiri m'chipindamo, amangomva phokoso laulemu.

Ndiyambe ndi mneni amene wandikola khosi zaka zambiri, kukhudza. Kukhudza ndi kufikitsa chala kapena dzanja pa chinthu. Timatinso maliro atikhudza, kapena kuti mlanduwu ukukhudza amfumu, ndipo zimenezo ndi zathu ndithu. Koma masiku ano mneniyu wasanduka lole yonyamula katundu aliyense wa Chingerezi. Mvula yakhudza alimi. Kukwera kwa petulo kwakhudza amalonda. Mu Malichi 2023 tinamva mobwerezabwereza kuti namondwe wa Freddy "wakhudza" anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Funsani mayi amene anagona mumtengo usiku umenewo ngati madzi anamukhudza. Adzakuuzani kuti anakokolola mbuzi, anagwetsa nyumba, anamiza munda. Wonena kuti "kukhudza" amakhala wathawa ntchito yonena chimene chachitika, kaya chawonjezeka, chachepa, chaphulika kapena chauluka. Pa nkhani ya galimoto ndi dzuwa zonsezi zimachitika, chilichonse pamalo pakepake, ndipo Chichewa chili ndi njira yolozera malowo imene mnyamata uja anaitaya.

Njirayo ili pa milomo ya mwana aliyense. Sitinena kutentha osanena malo. Timati kunja kukutentha, m'minibasi mukutentha, pamsewu pakutentha. Mneni yemweyo amavala ku, mu kapena pa, ndipo womva amadziwiratu koyang'ana. Tikangotenga mneniyo n'kumusandutsa dzina loyenda lokha, "kutentha kwambiri", malo aja amasowa, ndipo funso la dalaivala uja limabadwa. Tsono tiyeni titsike nawo msewu wa M1, tione kutentha kulikonse pamalo pake.

Kuchoka mu Blantyre, mzinda wokhala mamita opitirira 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, galimoto imadutsa Chadzunda ndi Madziabango, kenaka msewu umayamba kupindikapindika kutsetserekera ku Thabwa. Pa mphindi zochepa makutu amatseka, ndipo mpweya wolowa pazenera umasintha ngati wina watsegula uvuni. Chigwa cha Shire chimene mwalowachi n'chotsika zedi. Malo otsikitsitsa m'Malawi muno, mamita 37 okha, ali kumene Shire amatulukira kulowa mu Mozambique. Mu Okutobala 2023 a zanyengo anachenjeza kuti kuchigwaku kutentha kufika madigiri 44. Eni dera ali ndi mawu ake a zimenezi. Masana dzuwa limaswa mtengo, usiku kumakhala chifundizi chotulutsa anthu kukagona pabwalo, ndipo mwa olankhula Chisena mumamva za kaluma.

Koma fungo limene limakulonjerani pa Thabwa, pamene magalimoto amaima apolisi akuwayang'ana, silichokera ku dzuwa. Ndi la mabuleki. Dalaivala sanena kuti mabuleki atentha. Amati apsa, ndipo walondola, chifukwa chopsa chimakhala chasinthika, sichibwerera mwakale. Ambiri amapsa chifukwa cha kachizolowezi kochotsa giya pamtsetse kuti galimoto izingotsetsereka, ati kupulumutsa mafuta. Pamenepo kulemera konse kwa anthu ndi matumba kumatsamira pa mabuleki okha. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa injini zambiri zamakono phindu lake palibe. Galimoto ikamatsika ili m'giya, phazi litachoka pa moto, injini imadzitsekera yokha mafuta, pamene yochotsedwa giya imamwabe pang'onopang'ono kuti isazime. Mukalemba kuti "kutentha kwakhudza mabuleki" mwanamizira dzuwa mlandu wa phazi la munthu.

Pobwerera, pokwera phiri lomwelo, mneni amasintha. Injini imawira. Taonani kuti dzina lenilenilo la galimoto lili ndi moto mkati mwake, monganso njinga yamoto. Chimene chimayendetsa matayala ndi petulo kapena dizilo woyaka mu injini. Mwa mphamvu yonse imene ili mu lita ya petulo, yofika ku matayala siposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Yotsalayo imatayika ngati kutentha, ina potulukira utsi, ina kudzera ku redieta. Injini imagwira bwino ntchito madzi ake akakhala pa madigiri 90 kapena chapomwepo, ndipo ntchito ya redieta ndi kupatsira mpweya wakunja kutentha kopitirira apo. Kunja kukakhala 44, mpweyawo umalandira monyinyirika. Onjezanipo chitunda, giya yotsika, liwiro la kamba losalowetsa mphepo kutsogolo, ndi matumba a makala padenga. Ndiye mumaona minibasi itaima pakhonde la phiri, kondakitala akutsika ndi chigubu cha madzi, okwera atabalalika kufuna kamthunzi. Madzi amene amangowira ndi ena, amene akubwata mpaka kulavula chitsekerero ndi enanso, ndipo kondakitala amene amadziwa kusiyana kwa aneni awiriwa amasunga khungu la dzanja lake.

Apa amakaniko ena a m'chigwachi ali ndi mankhwala awo. Amachotsa themositati, kachitseko kamene kamaletsa madzi kupita ku redieta mpaka injini itafunda mokwanira. Amati kameneko n'ka kumaiko ozizira. Galimoto imalekadi kuwira msanga, mwini wake n'kuthokoza. Chimene sauzidwa n'chakuti tsopano m'mawa uliwonse ndi pamtsetse uliwonse injini ikuyenda yosafunda, ndipo injini yosafunda imamwa mafuta ambiri. Vuto lenileni, kaya redieta yotsekeka ndi matope a madzi a pachitsime, kaya fani yofooka, limakhala lili pomwepo. Kufunda ndi kutentha ndi mawu awiri. Phala la mwana limafunda, la munthu wosaleza limamuwotcha. Injini imafuna kufunda, ndipo amene amalemba ngati kutentha kulikonse ndi mdani wa galimoto ndiye amalimbikitsa makaniko wochotsa kachitseko kaja.

Za kunja, za mpweya umene injini imapuma, ndinena mwachidule chifukwa anthu amazikuza mopitirira. N'zoona kuti mpweya wotentha ndi wopepuka. Pa madigiri 40 umachepa ndi magawo 6 pa 100 poyerekeza ndi pa madigiri 20, choncho injini imapuma mosakhuta, ndipo ya makono imadzibweza yokha mphamvu pang'ono kuti petulo asayake nthawi isanakwane. Koma chigwachi n'chotsika, ndipo mpweya wa malo otsika ndi wothinana kuposa wa kumapiri. Zimene dzuwa lalanda pa Ngabu, kutsika kwa malo kumabweza. Komanso kukatentha injini imafunda msanga ndipo oilo salimba. Dzuwa palokha silimwetsa galimoto mafuta ochuluka chotero. Amene amamwetsa ndi ife, pa zimene timachita pothawa dzuwalo.

Mkati ndiye muli nkhani. Tsiku la msonkhano lija, panja panaima magalimoto atatu oyera a alendo. Kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro injini zake zinali kulira, magalasi otseka, madalaivala atatsamira mipando, eyakoni ikuwomba. Sindiwadzudzula, inenso ndikanakhala momwemo. Koma kuzizira kumeneko kumagulidwa. Makina oziziritsawo amazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini, ndipo injini imalipira ndi mafuta. A unduna woona za mphamvu ku America amanena kuti kukatentha kwambiri, makamaka pa maulendo aafupi, eyakoni itha kudula mtunda umene lita imodzi imayenda ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Nanga galimoto yongoima? Imeneyo ikumwa malita pa mtunda wa ziro. Minibasi zathu zambiri eyakoni inafa kalekale, zenera ndiye eyakoni, koma nazo zili ndi tchimo lofanana. Pa siteji ya Ngabu kapena pa Bangula injini imalira ola lathunthu, dalaivala akuiponda moto, kusunthira kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, kuti wokwera aganize kuti ikunyamuka. Ena sazimitsa chifukwa batire ndi lofooka, akazimitsa ndiye kukankha, ndipo kutentha kwa m'chigwachi kumafupikitsadi moyo wa batire. Chiganizo cholondola apa n'chapafupi: mukutentha, ndiye tayatsa, tayatsa, ndiye ikumwa.

Pamsewu pakutentha. Masana a Novembala phula la pakati pa Nchalo ndi Ngabu limawotcha phazi ngakhale mu patapata, ndipo patsogolo pamaoneka ngati pali madzi osafikika. Mpweya wa m'tayala ukatenthedwa umafufuma, ndipo madalaivala ambiri, poopa kuti liphulika, amaliphwetsa pang'ono asananyamuke. Aneni atatu pano asasokonezedwe: tayala limabooka ndi msomali, limaphwa mpweya ukamatuluka, limaphulika likang'ambika mwadzidzidzi. Wophwetsa amaganiza kuti akuthawa kuphulika, chikhalirecho akukuitana. Tayala losakhuta mpweya limapindikapindika m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, kupindikako kumalitenthetsa mkati kuposa dzuwa, ndipo pomaliza limang'ambika. Lisanang'ambike limakhala likukoka galimoto m'mbuyo ngati njinga yakapalasa yophwa, imene wakabaza aliyense amadziwa mmene imapwetekera ntchafu. Kusiyana kwake n'kwakuti wakabaza amalipira ndi thukuta, dalaivala ndi petulo. Mpweya wa m'matayala umayezedwa m'mawa, galimoto isanayende, ndipo ukakwera masana umasiyidwa choncho.

Tsopano mawu awiri amene ndimawaona akusinthanitsidwa ngakhale m'nyuzipepala: nthunzi ndi mthunzi. Mthunzi ndi wa mtengo, umene mbuzi zimaulimbirana ndi anthu pa Dyeratu. Nthunzi ndi imene imatuluka mumphika wowira. Chilembo chimodzi chokha, ndipo ena amawonjezanso kachizindikiro kodulira n'kulemba m'thunzi, ngati kuti pali chinthu chotchedwa thunzi chimene talowamo. Ayi, ndi mthunzi, ndipo tikakhalamo tili mumthunzi. Wakabaza wa njinga yamoto ayenera kuwadziwa onse awiri, chifukwa akasowa mthunzi amataya ndalama kudzera mu nthunzi. Petulo sachita kudikira moto kuti achoke. Kukatentha amasanduka nthunzi n'kuuluka. Ndinaona pa Bangula njinga itaima padzuwa, thanki yake yakuda, chitsekerero chinatayika kale, m'malo mwake pali pepala la pulasitiki lomangidwa ndi mphira. Fungo la petulo linkamveka usanaifike. Mwini wake anali mumthunzi, akudandaula kuti ogulitsa m'mabotolo akumubera muyezo. Mwina amamuberadi, koma mbala ina inali kumwamba. Petulo wouluka sananyamule munthu aliyense, ndipo sitinganene kuti galimoto yamumwa. Wauluka, basi.

Petulo wathu alinso ndi chibale ndi chigwachi. Kuyambira 1982 Malawi amasakaniza petulo ndi ethano wochokera ku nzimbe, poyamba wa ku Dwangwa, ndipo kuyambira 2004 wa fakitale ya PressCane ku Chikwawa, imene imaphika zotsalira za shuga wa ku Nchalo. Ethanoyo ndi choledzeretsa chomwecho chili mu kachasu. Tikamati galimoto imamwa, tikunena zoona kuposa mmene timaganizira.

Ndipo mneni ameneyu, kumwa, ndiye yankho la mbali ina ya chiganizo cha mnyamata uja, ija yakuti "kagwiritsidwe ntchito kabwino". Iye anali kulimbana ndi liwu la Chingerezi lonena za kupeza zambiri pa zochepa, ndipo atalisowa m'Chichewa anamanga chisakasa cha mawu atatu. Sanafunikire kuvutika. Wogula galimoto aliyense amafunsa kuti, "Imamwa bwanji?" Wogulitsa amati siimwa, mnzake wapambali n'kunong'ona kuti ndi chidakwa. Malo ogulira petulo timawatcha omwetsera mafuta. Ena amati imadya mafuta, ndipo sindikangana nawo. Amene ndimakangana nawo ndi omwe ayamba kunena pa wailesi kuti galimoto "imawotcha mafuta". Timawotcha chimanga, timawotcha njerwa, timatentha tchire ndi nzimbe zisanadulidwe. Mafuta amayaka mu injini, galimoto imamwa. Chichewa sichikonda dzina lolendewera m'malere pamene funso lowerengeka lilipo: malita angati, mtunda wotani, anthu angati?

Kaboni ndiye mlendo weniweni, ndipo mlendo salandiridwa ndi mwano. Liwulo tilisunge, koma tilifotokoze. Kaboni ndi chimene chimadetsa makala ndi mwaye, ndipo ndiye mbali yaikulu ya kulemera kwa petulo ndi dizilo. Mafuta akayaka, kaboniyo amagwirana ndi mpweya umene injini yapuma, n'kutuluka ngati mpweya wina wosaoneka, wosanunkha. N'chifukwa chake chotuluka chimalemera kuposa cholowa. Lita ya petulo siikwana kilogalamu, koma imabala makilogalamu 2.3 a mpweya umenewu, ndipo lita ya dizilo pafupifupi 2.7. Mpweyawo ukachuluka kumwamba umasunga kutentha kwa dziko ngati bulangete.

Apa pali zolakwa ziwiri zimene zazika mizu. Choyamba ndi kuutcha utsi. Utsi umaoneka, ndipo makaniko wabwino amauwerenga ngati kalata: wakuda ndi mafuta osayaka bwino, wobiriwira ngati mtambo ndi oilo amene akupsa, woyera wosatha ndi madzi amene alowa mosayenera. Koma galimoto yatsopano ya bwana, yosatulutsa kautsi ngakhale pang'ono, ikutulutsabe makilogalamu ake 2.3 pa lita iliyonse. Tikamaphunzitsa anthu kuti vuto ndi utsi, mwini lole yakale yekha ndiye amaoneka wolakwa, ndipo magalimoto oyera aja amapita osafunsidwa.

Chachiwiri ndi "mpweya woipa". Tinakula nawo mawuwa m'kalasi, pamene ankatiphunzitsa kuti timapumira mkati mpweya wabwino n'kutulutsa woipa. Koma mawu omwewo timawamvanso banja likafa litagona ndi mbaula m'nyumba yotseka, ndipo umenewo ndi mpweya wina, waululu, wobadwa pamene makala kapena petulo akunyeka mosowa mpweya wokwanira. Timawamvanso ponena za fungo la kuchimbudzi. Zinthu zitatu, dzina limodzi. Ndipo umene tikunena panowu kuipa kwake n'kwa kuchuluka kokha, poti nzimbe za ku Nchalo ndi mapira a ku Ngabu zimakula ndi womwewo. Ine ndimati tikamakamba za nyengo tiziti mpweya wotenthetsa dziko, tikamakamba za mbaula tiziti mpweya wakupha, ndipo m'kalasi la sayansi mayina ake enieni alembedwe m'kalembedwe kathu, ana awadziwe. Ntchito yokhazikitsa mawu otere inali ya Chichewa Board kuyambira 1972, ndipo kuchokera 1996 ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba, amene anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Koma madalaivala sangadikire kope lotsatira kuti amve zimene akuuzidwa pa msonkhano.

Tiyerekeze, pongofuna kuona masamu ake, kuti minibasi yamwa malita 20 a petulo pa ulendo wina, itanyamula anthu 15. Yatulutsa makilogalamu 46, pafupifupi thumba la chimanga, ndipo pa munthu mmodzi ndi makilogalamu 3 ndi kanthu. Galimoto yaing'ono yamwa malita 12 pa msewu womwewo, mkati muli munthu mmodzi ndi eyakoni yake. Ameneyo yekha watulutsa makilogalamu oposa 27. Zonse zimene chiganizo chija chinkafuna kunena zili m'masamu amenewa, ndipo mulibe liwu limene agogo anga akanalephera kulimva, kupatula kilogalamu, imene anaidziwira pa sikelo ya thonje.

Madzulo a tsikulo ndinakwera minibasi ya dalaivala yemwe uja kubwerera ku Blantyre, nditakhala kutsogolo. Titawoloka mlatho wa Kamuzu ndinatulutsa kapepala kamene ndinalembapo chiganizo cha mnyamata uja m'mawu ena, n'kumuwerengera: "Kukatentha, galimoto yoima padzuwa, yolira osayenda, yoyatsa eyakoni kapena yophwa matayala imamwa mafuta ambiri pa ulendo womwewo, ndipo lita iliyonse yowonjezerayo ndi makilogalamu awiri ndi kanthu a mpweya wotenthetsa dziko."

Anakhala chete mpaka tinadutsa pa Thabwa. Atatsitsa giya poyamba chitunda, anapukusa mutu.

"Zinazo ndamva, aphunzitsi. Koma za matayalazo mwanama. Ine ndayenda msewu uno zaka makumi awiri, ndimaphwetsa ndithu."

Tinakangana za matayala mpaka pakati pa phiri, iye akuwerenga amene anamuphulikira, ine ndikufunsa ngati sanali ophwetsa omwewo. Pamenepo muvi wa geji unayamba kukwera. Anapatukira kumbali, n'kuzimitsa injini, n'kuitana kondakitala wake.

"Iwe, tenga chigubu. Koma usatsegule, ikadabwata."